Za nyenyezi za mu Nosedive: mmene zimawerengedwera, ndi ngati ku China zilikodi

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, zinatheka bwanji kuti mtsikana wa mu Nosedive uja achoke pa 4.2 n'kukathera m'chitokosi pa masiku awiri okha? Chachiwiri, kodi ndi zoona zimene anthu akulemba m'makomenti zoti ku China zinthu zili momwemo kale? Lachiwirilo yankho lake ndi ayi, si momwemo, ndipo ndifikako. Ndiyambe ndi loyamba, chifukwa mukamvetsa masamu ake zinazo sizivuta.

Kwa amene sanaonere, Nosedive ndi gawo loyamba la sizoni yachitatu ya sewero la pa TV lotchedwa Black Mirror, linatuluka pa Netflix mu Okutobala 2016. Ganizo lake ndi la Charlie Brooker, analemba ndi Rashida Jones ndi Michael Schur, ndipo Lacie, mwini nkhaniyo, ndi Bryce Dallas Howard. Nyumba zooneka ngati maswiti zija musadabwe nazo, mbali ina anajambulira kuno kumwera konkuno, ku Knysna ku South Africa. M'dziko la seweroli aliyense ali ndi nambala yosapitirira 5. Mukakumana, kaya pogula khofi, kaya mu lifiti, aliyense amaloza mnzake ndi foni n'kumupatsa nyenyezi, imodzi mpaka zisanu. M'maso mwawo muli kachipangizo kamene kamaonetsa dzina ndi nambala ya munthu musanapatsane n'komwe moni.

Malamulo amene akuyendetsa zonse ndi atatu, ndipo anthu ambiri amangoona loyamba lokha, loti aliyense amavotera aliyense. Lachiwiri ndi loti mavoti salemera mofanana. Nyenyezi zisanu zochokera kwa munthu wa 4.8 zimakukweza kwambiri kuposa zochokera kwa wogulitsa khofi, n'chifukwa chake mlangizi amene Lacie anapitako anamuuza kuti kusekerera anthu wamba kumutengera nthawi yaitali, afunefune anthu apamwamba. Lachitatu ndiye chimake cha zonse: nambala yomweyo ndi kiyi wa zitseko zosagwirizana n'komwe ndi kumene unaipezera. Nyumba ya ku Pelican Cove imene Lacie akuifuna amachotsera 20 peresenti kwa amene afika 4.5. Mnzake wa kuntchito, Chester, anzake atamupangira upo chifukwa chibwenzi chake chinatha, anatsika kupitirira 2.5 ndipo chitseko cha ofesi chinasiya kumutsegukira. Susan, mayi woyendetsa thiraki amene anamupatsa Lacie lifiti ndipo ali pa 1.4, amafotokoza kuti mwamuna wake akudwala khansa anali pa 4.3, ndipo malo a chithandizo anapatsidwa kwa munthu wa 4.4. Gawo limenelo ndi limene limafinya mtima, chifukwa palibe dokotala anachita nkhanza, aliyense anangotsatira nambala.

Tsopano tsatirani kugwa kwake bwinobwino. Naomi, mnzake wa paubwana amene ali pa 4.8, wamuitana kuti akakhale woperekeza mkwatibwi wamkulu ndipo akalankhule pamadyerero, pamene padzadzaze anthu a manambala apamwamba. Tsiku la ulendo Lacie akangana ndi mchimwene wake Ryan, amutsitsa. Potuluka awombana ndi mayi wina n'kumutayira chakumwa, amutsitsa. Woyendetsa takisi nayenso amutsitsa. Zonsezi ndi tizinthu tating'onoting'ono, koma pofika pabwalo la ndege ali pa 4.183. Ndege yake yalephereka, pa ndege ina mpando ulipo, koma ndi wa anthu oyambira 4.2. Chimene chamutsekera khomo ndi 0.017 basi. Apsa mtima, atukwana, wachitetezo abwera n'kumudula pointi yathunthu kwa maola 24, n'kuonjezera kuti voti iliyonse yoipa pa nthawiyo izilemera kawiri. Ali pa 3.1 sangabwereke galimoto yabwino, amupatsa yakale imene pulagi yake siilowa pamalo otchajira. Afera panjira, aima kupempha lifiti, odutsa aona nambala yotsika, ena osaima n'komwe akungomutsitsanso. Pofika pa 2.6 Naomi amuimbira foni kuti asabwerenso. Mukuona mmene zikulukiranamo? Chilango chilichonse chikumuika pamalo amene n'kosavuta kulakwanso, ndipo chikumuchotsera njira yodzikonzera.

Masamu a avereji ali ndi khalidwe limene ambiri sadziwa, ndipo awa mukhoza kuwerengera nokha pa foni. Munthu amene akufuna kukhala pa 4.2, akalandira nyenyezi imodzi watsika ndi 3.2 kuchoka pa mlingo wake, pamene nyenyezi zisanu zimangomukweza ndi 0.8. Ndiye pafunika anthu anayi omupatsa zisanu kuti afafanize munthu mmodzi yekha wokwiya. Amene akufuna 4.5 afunika anthu 7. Amene akufuna 4.8 afunika anthu 19. Ukamakwera, mtengo wa mdani mmodzi umakwera nawo, n'chifukwa chake anthu apamwamba m'seweroli ndi amene ali amantha kwambiri, ndipo Naomi sakanachitira mwina koma kumukana mnzake. Chinanso, ngati mlingo uli pa 4.5, amene wakupatsa nyenyezi zinayi poganiza kuti wakuyamikira wakutsitsa ndithu.

Pali pamodzi pamene seweroli lakokomeza. Avereji yeniyeni ya munthu wovoteredwa kambirimbiri siigwa msanga choncho. Wokhala ndi mavoti 20 onse a zisanu, akalandira nyenyezi imodzi afika pa 4.81. Koma wowerengeredwa mavoti 500, voti imodzi yoipa ikalowa m'malo mwa yabwino imangomuchotsera 0.008. Kuti Lacie agwe mmene anagwera, ndiye kuti makinawo amalemeretsa mavoti atsopano kuposa akale, kuphatikiza chilango cha kawiri chija ndi kulemera kwa ovota apamwamba. Seweroli silifotokoza fomula yake, koma zimene tikuona zikusonyeza choncho.

Tibwere ku China. Mu 2014 boma linatulutsa ndondomeko yokhazikitsa chimene amati Social Credit System, njira yolondola kukhulupirika kwa anthu ndi makampani, pofika 2020, ndipo popeza Nosedive inatuluka patangopita zaka ziwiri, nyuzipepala zambiri zinaziphatikiza. Koma kulibe nambala imodzi ya nzika iliyonse m'dziko lonse, ndipo anthu salozana mafoni mumsewu. Zimene zilipo ndi zinthu zitatu zosiyana zimene anthu amazisakaniza.

Choyamba ndi mndandanda wa khoti lalikulu, umene unayamba mu 2013, wa anthu amene khoti linagamula kuti alipire ngongole kapena chipukuta misozi, iwo n'kukana pamene angathe. Ukalowa pa mndandandawu sungagule tikiti ya ndege kapena ya sitima zothamanga zija, sungagone m'mahotela odula, ndipo dzina lako limaikidwa poyera. Izi n'zenizeni ndipo zakhudza anthu mamiliyoni, koma wokuikapo ndi woweruza, osati neba. Chachiwiri ndi Sesame Credit, imene kampani ya Ant Financial ya gulu la Alibaba inayambitsa mu 2015. Nambala zake zimayambira 350 kufika 950, munthu amalowa mwakufuna kwake, ndipo phindu lake ndi monga kubwereka njinga kapena kutenga chipinda cha hotela osapereka dipoziti. Chachitatu ndi mizinda imene inayeserera mapointi paokha. Wodziwika ndi Rongcheng m'chigawo cha Shandong, kumene munthu ankayamba ndi mapointi 1,000, ankaonjezeredwa akagwira ntchito zachifundo, ankachotseredwa akaphwanya malamulo a pamsewu, ndipo ankaikidwa m'magulu kuyambira AAA mpaka D. Kunja kwa izi, mbali yaikulu ya ndondomekoyi imalondola makampani pa nkhani za misonkho, ukhondo wa zakudya ndi kuononga chilengedwe. Sindikuchepetsa vuto lake ayi. Kuletsa munthu kukwera sitima chifukwa cha ngongole ndi lamulo lachitatu lija ndithu, cholakwa cha pamalo amodzi kutseka chitseko cha kwina. Kungoti kumeneko ndi boma limene likuweruza nzika, pamene mu Nosedive anthu akudyana okhaokha.

Ngati mukufuna kumene kuvoterana kwenikweni kukuchitika, yang'anani mafoni a abale athu amene amayendetsa kapena kukwera matakisi a Uber ndi Bolt ku Johannesburg ndi Cape Town. Ulendo ukatha, dalaivala ndi wokwera amapatsana nyenyezi. Pa Uber nambala ya dalaivala imachokera pa mavoti 500 omalizira, ndipo akatsika kupitirira mlingo wa mzinda wake akhoza kutsekeredwa akaunti. Mlingowo umasiyana malo ndi malo, koma nambala imene inatchuka ndi 4.6. Mu 2019 kampaniyi inalengeza kuti ku America ndi ku Canada okwera a nambala zotsikitsitsa nawonso akhoza kuchotsedwa. Apa ndi pamene mumaona dalaivala akupepesa chifukwa cha mzere wa magalimoto umene sanauyambitse, akufunsa ngati wailesi ikusokosa, akumeza mawu wokwera woledzera akamunyoza. Kumwetulira kumene Lacie amayeserera pagalasi m'seweroli ndi komweku. Wokwera amavotera zimene sizili m'manja mwa dalaivala, monga mtengo wa ulendo, mvula, mapu olakwika, ngakhale kalankhulidwe ka dalaivala wochokera dziko lina, ndipo dalaivalayo sapatsidwa mpata wofunsa kuti ndalakwa chiyani.

Vuto lina limene makampani anakumana nalo kale ndi kubwezerana. Anthu awiri akamavoterana poyera, aliyense amaopa kunena zoona kuopa kubwezeredwa, ndiye onse amangopatsana zisanu, kupatsa n'kuika. Mapeto ake aliyense ali pa 4.7 kapena 4.8 ndipo nambalayo siikuuzanso kanthu, kusiyana kwa 0.1 n'kumaoneka ngati phiri. eBay, msika wa pa intaneti, inaona zimenezi, ndipo mu 2008 inaletsa ogulitsa kupereka ndemanga zoipa kwa ogula. Airbnb, pulogalamu yopezera malo ogona m'nyumba za anthu, mu 2014 inasintha kuti mwini nyumba ndi mlendo asaone zimene mnzake walemba mpaka onse atalemba, kapena patadutsa masiku 14. Mu Nosedive mulibe chotchinga chilichonse chotere. Foni imalira pompopompo, kamvekedwe kokwera ngati wakupatsa zabwino, kotsika ngati wakutsitsa, ndipo nthawi zambiri umaona nkhope ya wakuvoterayo. Anthu anayesapo kubweretsa zimenezi m'moyo weniweni. Mu 2015 kunalengezedwa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Peeple yoti uzivotera anthu ngati malesitanti, anthu anakwiya kwambiri, ndipo pomatuluka mu 2016 inali itafewetsedwa moti ndemanga siioneka mwini wake asanavomereze.

Opanga malamulo ku Ulaya analoza chala pa lamulo lachitatu lomwe lija. Lamulo la European Union loyang'anira AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu), limene ziletso zake zinayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2025, limaletsa makina opatsa anthu malikisi a khalidwe ngati zotsatira zake n'kuchitira munthu zoipa pa nkhani yosagwirizana ndi kumene mbiriyo inatengedwa, kapena kumulanga mopitirira cholakwa chake. Sanaletse nyenyezi za takisi kapena mbiri ya ngongole ku banki. Analetsa kuzisandutsa kiyi wa zitseko zonse.

Ndiye pulogalamu iliyonse ikamakupatsani nambala, kaya ya takisi, kaya ya ngongole za pafoni, kaya ya malonda, fufuzani izi musanadalire. Kodi imawerengera mavoti angati, ndipo akale amafufutika liti? Kodi wovota amaona voti yanu asanapereke yake? Kodi mavoti a anthu ena amalemera kuposa a ena? Kodi pali munthu weniweni amene mungakadandaule kwa iye, ndipo voti yabodza ingachotsedwe? Ndipo funso lalikulu, kodi nambalayo imathera pa pulogalamu yomweyo, kapena amaigawira ena monga mabanki, olemba ntchito ndi eni nyumba? Limeneli yankho lake limapezeka pa tsamba lalitali lija limene ambiri amangodina kuvomera osawerenga, pa gawo lonena za kugawana mbiri yanu ndi makampani ena.

Ngati nkhaniyi yakukokani, onaninso gawo la sewero la The Orville lotchedwa Majority Rule la mu 2017. Kumeneko anthu amavala baji ya mivi iwiri, wokwera ndi wotsika, ndipo milandu imaweruzidwa ndi mavoti a anthu oonera TV, moti wofika mavoti oipa 10 miliyoni amakamukonza ubongo. Sewero la Community nalo lili ndi gawo la mu 2014 lotchedwa App Development and Condiments, limene linatuluka Nosedive isanabwere ndipo lili ndi lamulo lomwe lija loti voti ya wapamwamba imalemera kwambiri. Limenelo ndi loseketsa, mukhoza kuonera ndi achinyamata kunyumba, pamene Nosedive chakumapeto kwake kuli kutukwana kwambiri.