Oda ya ku Joni imadutsa m'manja angati isanafike pa Dedza?

Achemwali, mwafunsa kuti zimatheka bwanji munthu wa shopu ku Lilongwe kuitanitsa katundu ku Joni kudzera mwa ine, chonsecho ine ndili pa Dedza pompano. Oda imodzi timaigwira anthu anayi: wa holoselo ku Johannesburg, mwini lole, ejenti wa pachipata (wokonza mapepala a msonkho), ndi ine. Palibe bwana wa mnzake, aliyense ali ndi geni yake, ndiye chotimanga pamodzi ndi mndandanda umodzi basi.

Kasitomala akanena zomwe akufuna, ndimalemba mtundu wa katundu, saizi, makatoni angati ndi mtengo wake m'ma rand, n'kuponya pagulu la WhatsApp lomwe tonse anayi tilimo. Wa holoselo akapeza kuti mabulangete aakulu atha, saloledwa kungolongedza aang'ono. Anene pagulupo, ine ndifunse kasitomala, invoyisi isinthidwe. Apa m'pamene ambiri amapsera. Ejenti amalowetsa mu ASYCUDA, dongosolo la pakompyuta lomwe a MRA amagwiritsa ntchito pa msonkho wa katundu, zomwe zalembedwa pa invoyisi, ndipo a MRA akatsegula lole n'kupeza zosiyana, suima katundu wanu yekha ayi. Lole imodzi imanyamula maoda a anthu ambiri, onsewo adikira chifukwa cha inu, ndipo mwini lole ulendo wina sakuyankhaninso foni.

Njira ya loleyo ndi Beitbridge polowa m'Zimbabwe, Nyamapanda polowa m'Mozambique, Tete, kenako Calómuè, chipata cha mbali ya Mozambique moyang'anizana ndi cha pa Dedza. Dalaivala amatumiza uthenga pachipata chilichonse. Akangoti wadutsa Tete, mapepala a ejenti akhale atatha, ndalama ya msonkho ndikhale nditatolera kale.

Za ndalama musachite manyazi, ngakhale kasitomalayo akhale wa kumpingo kwanu. Alipire gawo lina poyamba pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mumuuze kuti mtengo mwamupatsawo ndi wa masiku owerengeka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene adali atalonjeza kale mitengo m'makwacha adagulitsa modziluza.

Chinanso, katundu akasweka panjira alipira ndani? Mugwirizane lole isananyamuke ku Joni. Ine ndimafuna zithunzi za makatoni pamene akukwezedwa, dzina la mwini wake likuoneka bwino pakatoni iliyonse, ndipo potsitsa pano ndimajambulanso dalaivala ali pomwepo.