Malangizo a chida chofananitsira mavidiyo: muwayese ndi agent

Achimwene, zoti malangizo a chida chanu chofananitsira mavidiyo ali bwino chifukwa anzanu awawerenga n'kuwamva, ziiwaleni kaye. Wodzawagwiritsa ntchito ndi AI agent (pulogalamu ya AI yomwe imagwira ntchito yokha pogwiritsa ntchito zida ngati chanucho), ndipo agent siingakuimbireni foni kufunsa kuti munkatanthauza chiyani. Chimene simunalembe imangochipeka, n'kupitiriza ntchito molimba mtima ngati ikudziwa.

Yambani ndi nthawi. Kodi "start", malo olembapo poyambira vidiyo, ikufuna masekondi, ma frame (zithunzi zomwe zimapanga vidiyo) kapena timecode (nthawi yolembedwa ngati ola:mphindi:sekondi:frame)? Frame yoyamba ndi 0 kapena 1? Yomaliza ikuwerengedwa? Musazione ngati zazing'ono. Vidiyo ya 29.97 fps (ma frame pa sekondi) mukaiwerenga ngati ya 30, pa ola limodzi mwasemphana ndi masekondi 3.6, omwe ndi ma frame 108.

Koma pamene pamapweteka kwambiri ndi apa. Agent yadula masekondi awiri koyambirira kwa vidiyo, monga inauzidwa. Yatumiza fayilo yakale ndi yatsopano kuchida. Chidacho chatenga frame yoyamba ya uku n'kuiyerekeza ndi frame yoyamba ya uko, osaziyanjanitsa. Nambala ya VMAF, muyeso wa mmene vidiyo yatsopano ikuonekera poyerekeza ndi yoyambirira, yagwera pansi. Agent yaganiza kuti render (vidiyo yomwe yatulutsa) yaonongeka, yakweza bitrate (kuchuluka kwa data pa sekondi), yapanganso. Nambala ili pomwepo. Yakwezanso, yasintha codec (njira yopanikizira vidiyo), yapanganso kachitatu, fayilo yafufuma, maola apita, ndipo ngati malangizo sananene kuti chida chimalemba pamwamba pa fayilo ya dzina lomwelo, render yabwino ija yapitanso. Pomwe vidiyoyo inalibe vuto ngakhale limodzi! Chinasowa ndi chiganizo chimodzi basi: chida ichi sichiyanjanitsa ma frame, mavidiyo onse awiri akhale ofanana kutalika, resolution (kukula kwa chithunzi) ndi fps.

Ndiye anthu olemba malangizowa amakwiyitsa bwanji. Amangolemba kuti "chimafananitsa mavidiyo awiri n'kubweza nambala", basi apita kukagona. Nambala yanji? Miyeso yofananitsira mavidiyo ilipo ingapo. PSNR imayezedwa mu ma dB (ma decibel). SSIM ikafika pa 1 ndiye kuti zithunzi ndi zofanana ndendende. VMAF, ija anapanga a Netflix, imayenda kuchokera pa 0 kufika pa 100. Choncho 0.95 pa SSIM ndi nkhani yabwino, pa VMAF ndi maliro. Sanenanso kuti fayilo yoyamba ndi iti. Mu libvmaf, gawo la pulogalamu ya mavidiyo ya FFmpeg lowerengera VMAF, fayilo yosinthidwa ndiyo imayamba, yoyambirira ibwera pachiwiri, ndipo mukazitembenuza sikubwera error, imangobwera nambala yolakwika yooneka ngati yoona. Zimene chida sichiona nazo zilembedwe: model wamba ya VMAF imayang'ana kuwala kokha, mitundu ayi, ndipo mawu siiwamva n'komwe. Nkhope zitha kubiriwira, agent n'kunena kuti zonse zili bwino.

Kayesedwe kake nkosavuta. Tsegulani agent yatsopano yomwe sinaonepo code yanu, muipatse malangizo okhawo ndi mafayilo asanu: wofanana ndendende ndi woyambirira, wosunthidwa ndi frame imodzi yokha, wa 720p woti ufanane ndi wa 1080p, wojambulidwa pafoni choimika (amenewa nthawi zambiri fps yake imasinthasintha ndipo katembenuzidwe kake kamabisala mu metadata, mfundo zofotokoza fayiloyo zosungidwa mkati mwake), ndi wina woduka pakati. Musaithandize. Lembani pamene yaitana chida molakwika ndi pamene yamasulira nambala molakwika, chifukwa paliponse yapunthwa, pamenepo malangizo ali ndi bowo. Muonenso mauthenga a error. "Error 1" ndi mwano. Uthenga uzinena kuti fayilo iyi ndi 25 fps, inayo 30, sinthani imodzi. Zitsanzo zomwe zili m'malangizomo zikopereni momwe zilili n'kuziyendetsa. Mudabwa kuti zina zinasiya kugwira ntchito kalekale pamene dzina la parameter, ngati "start" ija, linasintha.

Komabe musalembe buku. Malangizo ataliatali amadya context ya agent (malo ochepa omwe imasungiramo zomwe ikuwerenga), ndipo chiganizo chofunikira chija chimamira pakati pa ndime khumi. Kunena zoona, musawadalire kwambiri malangizowo ngakhale mutawalemba bwino chotani, agent itha kungowalumpha. Ikani ffprobe, pulogalamu ya FFmpeg yofufuza mafayilo a vidiyo, m'kati mwa chidamo, iyambe yaona fps, resolution ndi kutalika kwa mafayilo onse awiri, ndipo zikasiyana chida chikane kutulutsa nambala.