Fayilo ya .ldf yadzaza disiki, koma musaifufute

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amasunga mabuku a ndalama pa sitolo ya zipangizo zomangira. Akuti: "Timagwiritsa ntchito Sage Evolution pa SQL Server. Kumapeto kwa mwezi inangoyamba kukana ma invoice, ikulemba error 9002, yoti transaction log yadzaza. Fayilo ya .ldf yafika 140 GB pomwe ya .mdf ndi 7 GB basi. Mnyamata wotikonzera makompyuta akuti tingoifufuta. Backup timachita madzulo aliwonse. Nditani?"

Achimwene, chonde muuzeni mnyamatayo asaikhudze fayiloyo. Ndikumvetsa chifukwa chake akuganiza choncho, poti ikuoneka ngati chinyalala chongodya malo. Koma SQL Server, pulogalamu imene imasunga database ya Sage yanuyo, isanasinthe kanthu mu .mdf, fayilo imene muli mabuku enieniwo, imayamba yalemba kaye mu .ldf, yomwe ndi transaction log ija. Invoice iliyonse, thumba la simenti lililonse lochoka m'sitoko, zimadutsa mmenemo. Magetsi akazima ntchito ili pakati, ndi fayilo yomweyo imene imauza seva zomwe zinatheka ndi zomwe ziyenera kubwezedwa. Mukaifufuta, database ikhoza kukana kutseguka n'kulemba Recovery Pending. Mwinanso choipa kwambiri n'chakuti wina aikakamiza kutseguka, koma ledger ndi sitoko sizikugwirizananso, ndipo mudzazindikira ma auditor atafika kale.

Nanga yakula bwanji chonchi inu mukuchita backup tsiku ndi tsiku? Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Database ikakhala pa recovery model (ndondomeko ya mmene log imasungidwira) ya Full, backup yaikulu ija simasula malo mu log. Chomwe chimamasula ndi backup ya log yokha payokha. Ngati palibe amene anaikhazikitsa, log imangosunga zonse, mwezi ndi mwezi, mpaka disiki itadzaza. Imeneyi si nthenda ya pulogalamu yanuyo ayi, seva ikungochita zimene inauzidwa.

Tsimikizani kaye. Tsegulani SQL Server Management Studio n'kulemba izi:

SELECT name, recovery_model_desc, log_reuse_wait_desc FROM sys.databases

Mukaona FULL ndi LOG_BACKUP pa dzina la database yanu, ndiye zimene ndanenazi. Mukaona ACTIVE_TRANSACTION, pali ntchito ina yomwe inayambika koma sinamalizike, ndipo DBCC OPENTRAN ikuonetsani kuti ndi iti. Zikatero musathamangire kuidula, funsani kaye muofesimo ngati pali amene akutseka mwezi.

Tiyerekeze kuti ndi LOG_BACKUP. Onse atuluke mu pulogalamu. Lumikizani disiki yakunja yokhala ndi malo okwanira, muchite backup yaikulu pomwepo musanasinthe chilichonse. Kenako pali chisankho, ndipo si cha inu nokha, abwana akhalepo. Funso ndi ili: seva itafa 3 koloko masana, kodi mungathe kulowetsanso pamanja zonse zimene mwagulitsa kuyambira m'mawa? Ngati mungathe, sinthani database ipite pa Simple, log izidzimasula yokha. Ngati simungathe, ndipo pa sitolo yomwe makasitomala amachita kundandana sindikuona kuti mungathe, siyani pa Full, muchite backup ya log tsopano, kenako muikhazikitse kuti izichitika mphindi 15 kapena 30 zilizonse. Ubwino wa Full ndi woti mutha kubweza mabuku kufika pa mphindi imene munthu asanalakwitse.

Mukatero fayilo ija ikhalabe 140 GB, kungoti mkati mwake mulibe kanthu. Ichepetseni ndi DBCC SHRINKFILE pa log yokhayo. Nthawi zina sitsika ulendo woyamba, mumafunika kubwereza backup ya log n'kuyesanso. Izi chitani kamodzi kokha. Ndimadandaula ndikapeza anthu akuchepetsa mafayilo usiku uliwonse, makamaka ya .mdf, chifukwa zimamwaza ma index, omwe amathandiza seva kupeza zinthu msanga, ndipo ma report amayamba kuchedwa.

Pali china chomwe simunafunse koma 7 GB yanuyo yandiimitsa mutu. Lembani SELECT @@VERSION muone ngati ndi Express, mtundu waulere wa SQL Server. Express ya 2019 kapena 2022 silola database kupitirira 10 GB, ndipo mukafika pamenepo ikananso ma invoice, ulendo uno popanda log yoti muchepetse. Yambani kukamba za laisensi ndi abwana panopa. Express ilibenso SQL Server Agent, yomwe imayendetsa yokha ntchito pa nthawi yoikika, choncho ma backup aja muwayendetse ndi Task Scheduler ya Windows pogwiritsa ntchito sqlcmd, kapulogalamu kotumizira malamulo ku SQL Server.

Za backup ya madzulo ija, ili kuti? Ndinaitanidwapo pa ofesi ina disiki ya seva itafa. Mayi wa akaunti anali atakhala phee, akuti musadandaule, backup ilipo ya dzulo. Inalipodi, pa disiki yomweyo imene inafayo. Tinapeza kope la miyezi inayi yapitayo pa flash ina m'dirowa, ndipo mayiwo ndi anzawo awiri anakhala masabata akulowetsanso zonse kuchokera m'mafayilo a mapepala. Nkhope yawo tsiku limenelo sindiiwala. Ndiye kope lina lizikhala pa disiki yakunja, lina kunja kwa ofesi. Kamodzi pamwezi tengani backup imodzi, muibwezeretse pa dzina lina, muone ngati trial balance ikufanana ndi yeniyeniyo.

Popeza kwathu kuno magetsi sachedwa kuzima, seva ikhale pa UPS ya batire lamoyo, ndipo Loweruka lililonse muziyendetsa DBCC CHECKDB, yofufuza ngati database yawonongeka. Ikakupatsani zolakwika, kapena mukaona error 823 kapena 824, ganizirani disiki. Musathamangire REPAIR_ALLOW_DATA_LOSS yomwe mungaione pa intaneti, chifukwa imakonza pofufuta zimene zawonongeka, ngakhale zitakhala ngongole za makasitomala. Bwezeretsani backup yabwino.

Mukayendetsa SELECT yoyamba ija, nditumizireni zimene yatulutsa, tione limodzi musanasinthe recovery model.