Chilonda chapola chokha, ndiye kuti matenda atha?

Achimwene amene mwalemba mobisa dzina kuti munatuluka kachilonda kumaliseche, kosapweteka, kenako kanapola kokha patatha masabata angapo, ndiye mukufunsa ngati nkofunikabe kupita kuchipatala poti akunyumba ndi oyembekezera. Pitani, ndipo musapite nokha, mutengane ndi mayiwo. Ndaona ena mmakomentimu akuti bola kanapola iwalani, ayi ndithu musamvere zimenezo. Sindikuti muli ndi chindoko, pafoni palibe angakuyezeni, koma mmene mwafotokozeramo chindoko chimayenda chonchi ndendende.

Chimayamba ndi kachilonda kamodzi, kolimba m'mbali, kosawawa, pamalo pomwe tizilomboto tinalowera, kaya kumaliseche, kumatako ngakhale mkamwa. Nthawi zambiri kamatuluka pakatha masabata atatu chigonereni ndi munthu amene ali nacho, kwa ena kamachedwa mpaka miyezi itatu. Ndiye pakapita masabata 3 mpaka 6 kamauma kokha, mwamwa mankhwala kaya simunamwe, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amapusitsika nkumati ndachira pomwe tizilomboto tangosamukira m'magazi. Kenako kumabwera zidzolo zosayabwa, kawirikawiri m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, kutentha thupi, mwanabere, ena tsitsi kuthothoka, munthu nkumangoti ndi malungo. Izinso zimatha zokha. Matendawa amakhala phee zaka ndi zaka, pomadzatulukiranso amakhala akuononga mtima, ubongo kapena maso.

Koma chomwe chandipangitsa kulemba zambiri chonchi ndi mimbayo. Chindoko chimadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, pathupi pamatha kupita padera, mwana kubadwa wakufa, kubadwa masiku asanakwane kapena kubadwa nacho. Ndipo kwa amayi kachilonda kaja kamatha kutulukira mkati osakaona nkomwe, ndiye kunena kuti "madamu sakudandaula chilichonse" si umboni ayi. Nchifukwa chake ku sikelo amayeza magazi. Mankhwala ake ndi jakisoni wa benzathine penicillin, mmodzi ngati matenda angoyamba kumene, atatu sabata ndi sabata ngati akhalitsa, ndipo mayi akabayidwa msanga mwana amatetezeka. Chinthu chochizika bwinobwino, zomvetsa chisoni kutaya mwana kamba ka manyazi.

Uja wati gulani makapisozi mumwe awiriawiri, pepani koma malangizo amenewo ndi omwe atifikitsa pomwe chinzonono chikukana mankhwala ambiri masiku ano. Matenda opatsirana pogonana ndi ambiri ndipo aliwonse ali ndi mankhwala akeake. Chinzonono kwa abambo ambiri sichibisala, masiku ochepa chabe mafinya ayamba, pokodza ngati moto, koma kwa amayi ambiri sichionetsa kanthu, chimodzimodzi chlamydia, imangodya mwakachetechete mpaka njira zodutsa mazira kutsekeka, mapeto ake kusabereka kapena mimba kukhala malo olakwika. Tichikazi tonunkha, kuyabwa, kupweteka m'chinena kapena pogonana, machende kutupa, zotupa m'mphechepeche zija timati mabomu, zonsezi nzopita nazo kuchipatala. Komanso tisamafulumire kulozana zala, si kuyabwa kulikonse kwa amayi kochokera kogonana, kwina kumangoyamba kokha.

Bungwe la WHO limati tsiku lililonse anthu oposa 1 miliyoni padziko lonse amatenga matenda ochizika amtunduwu, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nawo. Ochizikawo ndi anayi, chindoko, chinzonono, chlamydia ndi trichomoniasis. Pali ena oyamba ndi mavairasi, monga herpes uja amatulutsa timatuza towawa tomabwerabwera, HPV wa njerewere yemwe mitundu ina imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, hepatitis B ndi HIV. HIV ndi herpes sizitheratu koma mankhwala ozigonjetsera alipo. Ndipo poti chilonda chakumaliseche chimatsegulira njira HIV, mukapita muyezetsenso zimenezo, mukapezeka mulibe mudzabwererenso pakatha miyezi itatu chifukwa kachilomboka sikaoneka msanga m'magazi.

Zakupewa tonse timazidziwa koma timangozinyozera. Kondomu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati kuvala zinthu zitafika kale pakati, osaphatikiza awiri, osapaka Vaseline kapena mafuta odzola chifukwa amaibowola. Imateteza kwambiri ngakhale chilonda chikakhala pamalo pomwe siyikuphimba mutha kutengabe. Kusamba kapena kukodza mukangomaliza sikuchotsa kanthu. Mapilitsi ndi jakisoni wolera amaletsa mimba basi, PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda HIV amalandira kuti asaitenge, ndi ya HIV yokha, mdulidwe umachepetsa chiopsezo cha HIV kwa abambo ndi pafupifupi 60 peresenti koma si chilolezo choyenda peka. Kondomu ikaphulika kapena munthu akagwiriridwa pali PEP, mankhwala oteteza ku HIV zinthu zitachitika kale, iyambidwe maola 72 asanathe nkumwa masiku 28. Amene muli ndi ana aakazi azaka 9 mpaka 14 musawamanitse katemera wa HPV.

Ndikudziwa chovuta kwa inu si jakisoni, ndi pakamwa, kuti muwauze bwanji akunyumba. Musayambe ndi kufufuza kuti wabweretsa ndani, poti matendawa amabisala nthawi yaitali mutha kukangana usiku wonse osapeza yankho. Auzeni zomwe munaona, kuti mukuopera mwanayo, ndipo ngati mawu akukanika apempheni adokotala akuthandizeni kufotokoza muli limodzi, ntchito imeneyi amaigwira tsiku ndi tsiku. Ngati pali winanso kumbali naye auzidwe akalandire mankhwala, apo ayi muzingopatsirana mobwerezabwereza. Mukalandira chithandizo musagonane mpaka patatha masiku 7 nonse mutamaliza mankhwala ndipo zilonda zitapoleratu, ndipo tsiku lomwe angakupatseni lokayezetsanso magazi musaliphonye, makamaka mayiwo asanabereke.