Nsikidzi sizibadwa m'litsiro, zimachita kubwera ndi katundu

Mayi, mwafunsa kuti nsikidzi zalowa bwanji m'nyumba imene mumasesa ndi kukolopa tsiku lililonse, komanso ngati n'zoona kuti neti yatsopano ndiyo yazibweretsa. Choyamba, chotsani manyaziwo. Nsikidzi zilibe nazo ntchito zoti m'nyumba ndi mwaukhondo kapena ayi, zimangofuna magazi a munthu basi. Zimapezeka ngakhale m'mahotela apamwamba, ndipo mu 2023 anthu a mumzinda wa Paris anali kakasi nazo mpaka nkhani yake inamveka dziko lonse lapansi.

Nsikidzi siiuluka ndiponso siidumpha, imangokwawa. Kuti ifike patali, timainyamula ndi ife tomwe. Imabisala mumsoko wa chikwama chimene munagona nacho kwina, m'zovala zakaunjika, m'matiresi kapena pabedi logula kwa wina, m'bulangete la mwana wochokera kusukulu yogonera komweko, ngakhale pampando wa basi. Ngati mukukhala m'nyumba zogundizana, imadutsa m'ming'alu ya khoma ndi m'mabowo a mawaya a magetsi kuchoka kwa aneba. Yaikazi imodzi yokha ya mazira ndi yokwanira kudzaza chipinda. Imaikira mazira ochepa patsiku, koma pamoyo wake wonse amatha kupitirira 200. Mazirawo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10, ndipo kamwanako kamafundula kasanu kasanakule, ulendo uliwonse katayamba kamwa magazi. N'chifukwa chake anthu ambiri amazindikira patapita milungu, n'kumaganiza kuti zangobuka dzulo.

Za neti, chonde musaitaye. Neti sibereka nsikidzi. Zikakhala kuti zilimo kale m'nyumba zimatha kubisala m'misoko ndi m'makona a netiyo, ndipo poti neti ndi yowala mumaziona msanga. Malungo amapha, pomwe mpaka lero palibe umboni woti nsikidzi zimapatsira munthu matenda zikaluma.

Komabe amene amati "n'kachilombo chabe" sanagonepo nazo. Zimatuluka usiku zikamva kutentha kwa thupi ndi mpweya umene timapuma, n'kuyamwa kwa mphindi zingapo munthu osamva kanthu. M'mawa ndi pamene timatuza tofiira timaoneka, nthawi zambiri titandondozana pamkono, pakhosi kapena kumsana. Ena satupa n'komwe, ndiye m'banja mumayamba kutsutsana, wina akuti kuli nsikidzi, wina akuti ukunama. Mwana akamakanda kwambiri pamachita zilonda zimene zimatha kulowa tizilombo tina, ndipo zikachuluka zedi kwa nthawi yaitali, ana aang'ono ndi okalamba magazi amatha kuwachepera. Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi tulo. Munthu amagona ndi mantha, kudzuka pakati pa usiku kuunika ndi foni, kuntchito n'kumasinza, alendo n'kusiya kuwaitana. Ndipo chifukwa cha manyaziwo amabisa, n'kupereka matiresi kwa wachibale osamuuza, vuto n'kusamukira nyumba ina.

Kuti mutsimikize, unikani misoko ya matiresi, molumikizira matabwa a bedi, kuseri kwa zithunzi ndi m'mphepete mwa makatani. Muona timadontho takuda, tizikopa tofundula, timazira toyera, kapena nsikidzi yeniyeni yofiirira, yaphwatalala, kukula kwake ngati njere ya apulo.

Chimene chimazipha mosakayikitsa, pamodzi ndi mazira omwe, ndi kutentha. Chapani zofunda ndi zovala m'madzi otentha ofika madigiri 60, kenako sitani bwinobwino makamaka m'misoko. Phwasulani bedi, thirani madzi owira molumikizira monse, matani ming'alu ya khoma, bedilo mulisunthe lisagunde khoma. Kuthawira m'chipinda china sikuthandiza, zimakutsatirani, ndipo zimatha kukhala miyezi ingapo osadya. Mankhwala opopera ogula m'sitolo nthawi zambiri amangozibalalitsa, chifukwa nsikidzi zambiri masiku ano zinazolowera mankhwala ophera tizilombo a mtundu wa pyrethroid, amene amapezeka m'mankhwala ambiri opoperawa, komanso mazira sakhudzidwa kwenikweni. Mukaitana odziwa kupopera, muwauze abwerenso pakatha milungu iwiri kuti adzaphe zimene zaswa kumene.

Apa ndikupemphani ndi mtima wonse, mayi: musathire palafini kapena petulo pamatiresi, ndipo mapilitsi ofukizira mbewu m'nkhokwe, aja a aluminium phosphide, asalowe m'chipinda chogona. Mpweya wake ndi poizoni ndipo waphapo anthu, ana omwe, m'nyumba zimene ankafuna kuthana ndi nsikidzi.

Ngati khoma lanu ndi limodzi ndi la aneba, kambiranani nawo pamodzi ndi eni nyumba kuti mugwire ntchitoyi tsiku limodzi, apo ayi zidzangothawira uko n'kubwereranso. Matiresi mukaganiza zowataya, ang'ambeni kaye kuti wina asawatole.