Walendi wachoka, wasiya zimene anakhoma: alipire ndani zozichotsa?

Mayi wina amene ali ndi shopu ku Limbe wandilembera pa imelo. Akuti anachititsa lendi shopuyo kwa munthu wa saluni, ndipo nthawi ya mgwirizano itatha munthuyo anachoka n'kusiya matabwa amene anagawira chipinda, masinki ndi mapaipi ake, magalasi omata kukhoma ndiponso chikwangwani panja. Mayiwa analipira amisiri kuti azule zonsezi ndi kukonza makoma, ndiye akufunsa ngati angamukakamize walendiyo kubweza ndalamazo.

Mayi, yambani mwatenga pepala limene munasainirana, chifukwa mlandu wanu wagona pamenepo. Ngati munalembamo kuti walendi pochoka adzachotse zonse zimene waika ndi kubwezera nyumba mmene anaipezera, ndiye kuti iye waswa mgwirizano, ndipo muli ndi ufulu wofuna ndalama zimene mwawononga. N'chimodzimodzi ngati pepalalo linaletsa kusintha chilichonse popanda chilolezo chanu, iye n'kukhoma osakufunsani.

Vuto limabwera pamene pepala silinanene kanthu, kapena pamene munangogwirizana pakamwa, monga zimachitikira m'mashopu ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa. Malamulo athu pa nkhaniyi amatsatira mfundo zimene tinatengera ku England. Mfundozo zimati walendi amaloledwa kuzula zinthu zimene anakhoma chifukwa cha bizinesi yake nthawi ya lendi isanathe, bola akonze pamene waononga pozula. Koma kuloledwa si kukakamizidwa ayi. Akazisiya, zomatidwa kunyumbazo zimasanduka za mwini nyumba, ndipo ngati inu munavomera kuti aziike popanda kumuuza kuti adzazichotse, n'kovuta kumulipiritsa chifukwa choti tsopano simukuzifuna. Ndikudziwa kuti izi n'zowawa kumva, makamaka ndalama zitatuluka kale m'thumba, koma ndi bwino muzimve panopa musanalipire loya.

Ngakhale zili choncho, musataye mtima. Kuchotsa zinthu ndi kwina, kukonza zoonongeka ndi kwinanso. Ngati mapaipi aja anaboola pansi, madzi n'kuoletsa khoma, kapena mawaya anadulidwa mwachisawawa, walendi ayenera kuyankhapo, popeza udindo wake ndi kubweza nyumba ili bwino, kupatula kutha kwa penti ndi zina zimene zimatha zokha ndi nthawi. Choncho funsani amisiri anu alembe padera mtengo wozula, padera mtengo wokonza. Khoti limafuna umboni: zithunzi za tsiku limene munalandira makiyi, makotesheni, malisiti, ndi mauthenga a pa WhatsApp amene munatumizirana. Limaonanso ngati mtengowo uli woyenera. Ngati munapezerapo mwayi woika matailosi atsopano pamene panali simenti, ndalama imeneyo ndi yolipira inu nokha, ndipo ine sindingakulangizeni kuiphatikiza, chifukwa ikhoza kukayikitsa ngakhale zimene mukuyeneradi kulandira.

Za dipoziti, mukhoza kudulapo zimene mgwirizano ukulola, koma mulembereni walendiyo kalata yofotokoza chilichonse chimene mwadula, ndipo yotsala mumubwezere. Mabilu a Blantyre Water Board kapena ESCOM amene anasiya alowenso m'kalata yomweyo. Chenjerani ndi katundu wosamatidwa monga mipando ndi madiraya: ameneyo akadali wake, musamugulitse musanamupatse nthawi yodzatenga, kuopa kuti wodandaula angasanduke woimbidwa mlandu.

Dipoziti ikapanda kukwana, mutumizireni kalata yofuna ndalama, mutchule kuchuluka kwake ndi tsiku lomalizira kulipira, ndipo musunge umboni woti walandira. Anthu ambiri amagwirizana pamenepa, ngakhale zolipira pang'onopang'ono. Akakana, ndalama zochepa mukasumire kukhoti la majisitireti, zochuluka ku High Court ku Chichiri. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zosumira mlandu wa kuswa mgwirizano, komabe musadikire, pakuti munthu wa bizinesi akasamukira ku Lilongwe kapena ku Joni kumupatsa masamoni kumavuta.

Musanalowetse walendi wina, lembani mu mgwirizano kuti chilichonse chokhoma chikhale ndi chilolezo cholembedwa, kuti pochoka adzachotsa ndi kukonza pa ndalama zake, ndiponso kuti akalephera mudzachita nokha n'kudula pa dipoziti. Mujambulenso chipinda chonse iye ali pomwepo, nonse awiri musaine pa zithunzizo.