Tikiti timadula tsiku lililonse, nanga chimbudzi chili kuti?

Mayi wina wogulitsa usipa pamsika wina wa m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima wandilembera imelo. Akuti wamatikiti amafika m'mamawa iwo asanagulitse ngakhale mulu umodzi, koma chimbudzi cha pamsikapo chinadzaza kalekale. Akufunsa kuti mphamvu ku anthu imene timaimva pawailesi ija inathera kuti, ndipo n'chiyani chiyenera kusintha kukhonsolo.

Mayi, papepala zinthu zili bwino ndithu. Lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998. Makhansala tinawasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka 9 zimenezo maofesi anazolowera kugwira ntchito popanda wowafunsa, ndipo chizolowezi sichichoka ndi chisankho chimodzi.

Kwa ine vuto lalikulu ndi lakuti khonsolo imayang'ana ku Lilongwe kuposa kumsika kwanuko. Ndalama zambiri zimachokera ku boma lalikulu kudzera ku National Local Government Finance Committee, bungwe loyang'anira ndalama za makhonsolo, pamene za matikiti ndi malaisensi ndi zochepa. Mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti DC, mkulu wa ogwira ntchito kukhonsolo, azisankhidwa ndi nduna. Ndiye munthu aopa ndani, amene anamulemba ntchito kapena mayi wa usipa? Sindikunena kuti onse ndi aulesi, ayi. Alipo amene amagwira ntchito ndi mtima wonse ngakhale galimoto ilibe mafuta. Koma dongosolo lake limawakokera kumtunda.

Pali chimene chayamba kusuntha. Pansi pa pulojekiti yolimbikitsa ntchito za makhonsolo yotchedwa GESD, yothandizidwa ndi World Bank, makhonsolo anayamba kuyesedwa chaka ndi chaka pa kayendetsedwe ka ndalama ndi ntchito, ndipo wochita bwino amalandira ndalama zachitukuko zochulukirapo. Izi ndimazikonda, chifukwa tsopano kulephera kumawawa m'thumba. Chotsala n'chakuti inu ogulitsa mukhale ndi mawu. Ndikanakhala ine, msika uliwonse ukanakhala ndi bolodi pachipata, lolembapo ndalama zimene zatoleredwa mwezi uno ndi zimene zabwerera pamsikapo kudzapopa chimbudzi, kuchotsa zinyalala ndi kukonza mpope. Choko ndi chotchipa. Mukanaona nokha kuti masiku a msika waukulu ndalama zikugwirizana ndi kuchuluka kwa mabenchi kapena ayi.

Pakadali pano musamangokalipira wamatikiti, iye ndi wotumidwa. Yambani ndi komiti ya msika, ilembe kalata, ndipo kope lina musunge. Nkhaniyo ipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ikwere ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), chifukwa mapulani a chitukuko a khonsolo amayenera kuchokera kumeneko. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho mukadikira mpaka bajeti itadutsa mudzauzidwa kuti mudikire chaka chamawa. Khansala wa wodi yanu muitaneni dzuwa lili paliwombo, aime pafupi ndi chimbudzicho, fungo alimve yekha.

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mutha kulembera khonsolo kufunsa ndalama zimene msika wanu unatolera chaka chatha. Musapite nokha, mutengane amayi angapo a mabenchi oyandikana, ndipo wolandira kalatayo adinde chidindo pa kope lanu.